Mawanga pa Ndowa ya Agogo

Dzulo ndinagula ndowa yamalata ku Namitete. Fungo lake itanyowa linandikumbutsa agogo, amene anandilera amayi atamwalira.

Ndili mwana, ndowa yathu itatuluka mawanga oyera, ndinagwidwa ndi mantha, poti amayi nawonso anayamba ndi mawanga pakhungu. Agogo akamamwa madzi ake, ndinkangowayang'ana pakhosi. Tsiku lina ndinayamba kuikwecha ndi mchenga.

"Iwe, ukusenderanji ndowa yanga?"

"Ikudwala, agogo. Mufa nanunso."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Chimenecho n'chovala chake, mwanawe. Chimayamba kutha ndicho, kuti dzimbiri lisafike pachitsulo."

Mtima unakhala pansi, ndinatunga madziwo n'kumwa.

Agogo anakhala mpaka kubereka mwana wanga kumsana. Pano ndikudziwa amene ankatha kuti ine ndisachite dzimbiri.