Kanjedza Amene Ankafunda Masaka

Amuna anga anabwera nako kamtengoko pa minibasi kuchokera ku Lusaka, atakakhazika pamiyendo ngati mwana wodwala. Kanali m'kachitini, masamba awiri basi. Anati ndi kanjedza wokongoletsa pakhomo, wa kumaiko otentha, ndipo pachaka amatulutsa tsamba limodzi, akalimbikira awiri. Ine ndinaseka mpaka misozi. Ndinawafunsa ngati masambawo tidzadyera nshima, poti anthu anzeru pamalo abwino chonchi amabzala papaya. Iwo anangotenga khasu. Anali munthu wotero, iwe ukulalata iwo akungokumba.

Zaka zisanu ndi zitatu zinatha, mtengo n'kungofika m'chiuno mwanga. Kuno ku Kafue Juni akalowa, kuzizira kochokera kumtsinje sikuseka ndi munthu. Ine ndimagulitsa nsomba pamsika, ndipo ndikalawirira ku Chanyanya kukapikula, zala zimachita kuuma gwa. Nyengo imeneyo amuna anga akaweruka ku fakitale, asanavule n'komwe nsapato, ankatenga masaka akale a feteleza n'kufunditsa kanjedza wawo, m'mawa n'kumuvundukula. Aneba ankati mkazi wachiwiri wagonekedwa, ine n'kumathira nawo mchere. Kangapo konse amuna anga anayamba kundifotokozera kasamalidwe kake, koma ndinkawadula pakamwa kuti ndili ndi nsomba zoti ndipale.

Chaka chatha anadwala, tinawagoneka m'chipatala Juni ali pakati. Tsiku lina madzulo ndikulongedza mbale, anandigwira dzanja.

"Amake mwana, mukafika mukamufunditse uja. Kwazizira."

"Imwe, polani mukamufunditse mweka," ndinatero.

Anamwetulira pang'ono. Madzulo amenewo ndinakafunditsa ndithu, ndikung'ung'udza, mawa lakenso chimodzimodzi. Tsiku lachitatu anatisiya.

Pamaliro mkazi wamasiye satuluka. Ndinakhala pamatiresi pabalaza, azimayi a kutchalitchi atandizinga, kwa masiku atatu. Panja azibambo anatenga masaka aja n'kutchingira mphepo pamene ankaothera moto. Sindiwaimba mlandu, akanadziwa bwanji? Masiku amenewo ndiwo anazizira koposa chaka chonse, anthu ankati udzu ukuchita kuyera m'mawa. Ndinkamva akunena, koma mutu unali kwina.

Titabwera koika, ndinapeza masamba onse atapsa ndi chisanu, ali lende. Mtima unandiwawa kwambiri, chifukwa chinali chinthu chimodzi chokha chimene amuna anga anandipempha. Ndinadikira sabata, sabata ina, osaona chosintha. Ndiye ndinakumbuka nthochi za kwathu ku Chanyanya: chisanu chikaziwotcha timangodula, zimaphukanso bwinobwino. Ndinanola chikwanje, n'kudula mutu wonse kamodzi, ndikudziuza kuti ndikumupulumutsa.

Nditatola mutuwo ndinaona m'kati muli tsamba latsopano, lopindika, loyera mobiriwira, lonyowa. Ndinalitembenuzatembenuza m'manja, koma ndinadzilimbitsa mtima kuti litulukanso lina.

Mwezi utatha kunabwera mdala wina amene ankagwira ntchito ndi malemu, kudzandipepesa poti maliro anamupeza ali kumudzi. Ndinamupatsa mpando panja. Ataona chitsa anafunsa amene anadula, ndinamuuza kuti ndine, ndi chifukwa chake. Anavula chipewa.

"Amayi, kanjedza si nthochi. Amakulira pamutu pokha, ndipo mutuwo ndi umodzi. Chisanu chimangowotcha akunja. Mukanamusiya, mvula ikanamupeza wamoyo."

Anawonjeza kuti zimenezi anazimva kwa amuna anga omwe, amene ankawafotokozera anzawo pa nthawi ya chakudya mpaka kuwatopetsa. Ndiye kuti fakitale yonse inkadziwa, kupatula ine wa m'nyumba, amene ndinali wotanganidwa ndi nsomba. Ndinalira pamaso pa mlendo kuposa mmene ndinalirira kumanda.

Ndinathirirabe chitsacho mpaka mvula inagwa, mvula n'kutha. Palibe chinaphuka. Kuzizira kuja kanjedza anakupirira yekha wopanda chofunda, amene ndinamupha ndine.

Juni wabweranso, masaka ndinawachapa, ali chipindire kuseri kwa chitseko. Ana anga akuti chitsacho chikunyansitsa pakhomo, tichizule tibzalepo papaya amene ndinkamulira zaka zonse zija. Ndawauza kuti amene achikhudze andidziwa.