Chopondera cha amayi

Mthuthuthu wa abambo ndi wamkulu kwa ine. Anaugula ndisanabadwe, nthawi imene ankayendera alimi a thonje m'midzi ya kwa Katunga, ndipo ndinakula ndikudziwa kulira kwake, fungo lake, ndi masiku amene sunkafuna kudzuka. Injini yake inali zija zosakaniza oyilo ndi petulo. Ukalira pakhomo, utsi unkadzaza bwalo lonse, udzudzu n'kusamukira kwa aneba. Abambo ankati tiziyamika, ena amachita kugula mankhwala.

Injiniyo inafa chaka chimene madzi analowa m'nyumba mpaka m'mawondo. Madzi ataphwa abambo anaimasula, anaitsuka, anaiyanika padzuwa, koma sinatsokomole n'komwe. Anazungulira magalaja a ku Nchalo kufuna zitsulo zake, ndipo anyamata a kumeneko ankangoseka, ati zoterezi zinatha iwo asanabadwe. Basi mthuthuthu unagona pakhonde zaka zingapo, nkhuku n'kumaikira mazira pansi pake.

Amene anavutika nazo ndi amayi. Kwawo ndi ku Makhanga, ndipo moyo wawo wonse ankapitako pa mthuthuthu umenewo basi. Galimoto imawadwalitsa, akangomva fungo la minibasi amayamba kufunafuna jumbo. Za kabaza ndiye musawauze n'komwe.

"Ine ndikagwire m'chiuno mwa mwamuna wa eni? Nkhabe, sizingatheke," ankatero, nkhani n'kuthera pomwepo.

Choncho zaka zimenezo amene ankabwera kudzatiwona ndi achemwali awo aakulu, omwe anawalera makolo awo atamwalira. Kenako, nyengo ina yotentha, tinalandira foni yoti achemwaliwo agona, sakudzukanso pamphasa. Tonse tinkadziwa kuti mvula ikangoyamba, msewu wa ku Makhanga umasanduka mtsinje. Amayi sanalire, sanapemphenso kanthu kwa aliyense. Anangoyamba kumayang'ana cha ku mapiri a ku Thyolo m'mawa uliwonse, kumene mitambo imayambira. Ine zinkandiwawa kwambiri kuwaona akutero.

Nzeru inachokera kwa alamu anga, amuna a mng'ono wanga, amene amawotcherera zitsulo pamsika wa Dyeratu. Kumalo kwawo kunali njinga ya kabaza imene inawombana ndi ngolo. Felemu inapindika mosabwezeka, koma injini inali bwinobwino, yatsopano ndithu. Alamu anati injini imeneyo ikhoza kulowa mu mthuthuthu wa abambo.

Mawu amenewa sanawanene kwa amayi, anandiuza ine kuti ndikanene. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anizana ndipo salankhulana maso ndi maso. Ambiri masiku ano amangochita mwamwambo chabe, koma alamu anga ndi amayi anautenga mwambowu ndi manja awiri. Tsiku lina alamu anakhala kuseri kwa khola la mbuzi, dzuwa lili paliwombo, kudikira kuti amayi amalize kupeta mpunga pabwalo, pamene amayi sankadziwa n'komwe kuti kuli munthu. Foni ya anthu awiriwa ndinali ine, popeza ndimakhala pakhomo pomwepo.

Tinaukankha mthuthuthu mpaka ku Dyeratu, matayala ali phwa, anthu m'njira akutifunsa ngati tikupita nawo kumanda. Abambo anapeza chigubu chokhalira pansi pa mtengo wa nimu, ndipo kuyambira pamenepo anakhala kapitawo wosalembedwa ndi aliyense.

Ine ndinkaganiza kuti injini ndi injini, ungochotsa iyi n'kuika iyo. Ayi ndithu. Mabowo a mabawuti sanagwirizane ngakhale limodzi. Alamu anakhazika injini pa njerwa pakati pa felemu, n'kudula katoni kutsatira mpata umene unatsala, kenako n'kudula chitsulo chokhuthala kutsatira katoniyo. Abambo anakana kwamtuwagalu kuti felemu yawo ibowoledwe paliponse, choncho zomangira zonse zinayenera kugwira m'mabowo akale. Kenako panabwera nkhani ya tcheni. Alamu anakoka ulusi kuchokera pa injini kukafika ku tayala lakumbuyo, akutsinzina diso limodzi, akusuntha injini pang'onopang'ono mpaka ulusi unawongoka. Anati ikapendekeka ngakhale pang'ono, tcheni idzavuka pakati pa tchire, ndipo adzanyozedwa ndi iwo, osati ulusiwo. Magetsi nawo anatipusitsa. Tsiku loyamba kuliza injini, mababu onse akale anawala kamodzi mokongola kwambiri, n'kupsa.

Chimene chinasokoneza zonse chinachitika tsiku limene ine ndi abambo tinali kumaliro m'mudzi wina. Ekizozi ya injini yakale inkadutsa kumanzere, koma ya injini yatsopano inkatulukira kumanja. Kumanja komweko, m'munsi mwa mpando wakumbuyo, kunali kachitsulo kaphanthiphanthi kamene abambo anawotcheretsa kalekale, ndipo kankatsekereza njira. Alamu anakayang'ana, n'kuganiza kuti n'kamene abambo ankamangirira sikelo ya thonje, ndipo thonje anasiya kale. Anakadula, ekizozi n'kukhala bwino.

Titabwerako palibe anazindikira. Abambo maso awo onse anali pa injini yonyezimira ili m'felemu yothothoka penti, ngati agogo atavala nsapato za mdzukulu. Anaponda kiki kamodzi kokha, iyo n'kulira. Anaima kaye osakhulupirira, chifukwa yakale ija inkafuna uiponde mpaka thukuta. Tinauyesa mthuthuthu mwanjira iliyonse imene tinaiganiza. Abambo anazungulira nawo msika, anakweza thumba la chimanga, anakweza alamu, anakweza ine nditakhala chotang'adza, buluku mkati mwa chitenje monga timachitira ife a masiku ano. Anthu apamsika anawomba m'manja. Chodandaula cha abambo chinali chimodzi, choti sukutulutsa utsi, ndiye udzudzu utipeza.

Tsiku la ulendo amayi anadzuka tambala asanatsike. Anavala chitenje chimene amasungira ukwati ndi ubatizo, anamanga duku, analongedza ufa, shuga ndi sopo mu dengu, nkhuku ili yomanga miyendo. Alamu anabwera kudzaperekeza, kutanthauza kuti anaima kuseri kwa khola la mbuzi lija. Abambo analiza injini. Amayi anazungulira kumanja, anakhala chammbali pa mpando, miyendo yonse mbali imodzi, dzanja lamanzere n'kugwira abambo m'chiuno. Atakweza mapazi kuti aponde pamene anazolowera, anapeza ekizozi yotentha. Anatsika mwakachetechete n'kuwerama kuyang'ana.

"Chopondera changa chili kupi?"

Abambo anazimitsa injini, nawonso n'kuwerama. Anayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene pankafunikira.

"Mayi a ana, bwanji mungokhala mbali inayi? Kumanzere kulibe moto."

"Ndikugwireni ndi dzanja liti?"

Dzanja lamanja la amayi linafooka atadwala zaka zapitazo, silitha kugwira ngakhale mtsuko. Akakhala miyendo ili kumanja, dzanja labwino ndi limene limakhala kutsogolo. Akatembenukira kwinako, ndiye kuti pa bampu yoyamba tikawatola pansi. Ine ndi pakamwa pangapa ndinati mwina angokhala chotang'adza kwa tsiku limodzi lokha, ndiwabwereka buluku. Mmene anandiyang'anira amayi, mpaka lero ndikakumbuka ndimakonza chitenje.

Amayi anamasula nkhuku, n'kulowa kukhitchini. Ku mapiri kuja mitambo inali itayamba kuunjikana.

Ndinapita kuseri kwa khola. Alamu anali atagwira mutu, chifukwa anamva zonse. Ndinawafunsa kuti zaka zonsezi sanaonepo mmene amayi amakhalira pa mthuthuthu?

"Mlamu, ndikanaona bwanji? Ndikangomva kulira kwake ndikudziwa kuti apongozi ali pambuyo, ndinkalowa m'chimanga."

Ndinaseka mpaka kukhala pansi, ngakhale sinali nthawi yoseka. Munthu yekhayo m'mudzi monse amene sanaonepo amayi pa mthuthuthu ndi amene tinamupatsa ntchito yowakonzera ulendo.

Pamenepo ntchito yanga ya ufoni inayamba. Kuchokera kukhitchini kukafika kukhola ndi pafupi moti awiriwa ankamvana bwinobwino, koma aliyense ankadikira ndifike ndinene.

"Kawauze bambo a kwa mng'ono wako abweze chitsulo changa."

"Mukawauze amayi kuti pepani, chitsulocho chinalowa m'mbaula, ndipo mbaulayo inagulidwa dzana."

"Kawafunse ngati wogulayo akupita nayo ku Makhanga, ndikwere yomweyo."

Alamu anati apanga china, chabwino kuposa chakale, ndipo ekizozi aisamutsira kumanzere. Koma pankafunika muyezo wa mapazi a amayi ndi kutalika kwa miyendo yawo akakhala pampando, ndipo mkamwini sangagwade pamapazi a apongozi ndi tepi m'manja. Ndiye tinachita motere. Amayi anakweranso pa mthuthuthu abambo ataugwira, alamu anaima patali atafulatira, akuyang'ana mtengo wa masawu, n'kumauza mtengowo zoyenera kuchita. Ine ndinaika katoni pansi pa mapazi a amayi, n'kulemba ndi khala mozungulira. Kutalika ndinayeza ndi bango, n'kulithyola pamene panathera chidendene. Amayi anauza nkhuku imene inkadutsa kuti mmisiriyo asaiwale kampanda kakumapeto, chifukwa patapata amaterereka.

Chopondera sichinavute. Ekizozi ndi imene inatidyera masiku. Kuti paipi ipindike osaphwanyika, alamu anati iyenera kudzazidwa mchenga wouma gwa, apo ayi ikatentha iphulika. Ndinakatapa mchenga kumtsinje n'kuukazinga m'chiwaya ngati mtedza, amayi anzanga akundifunsa ngati njala yafika pamenepo kwathu. Alamu anaupakira m'paipi, anatseka mbali zonse ndi zitsekerero, anaiwotcha pamakala mpaka kufiira, n'kuikoka mozungulira mzati. Yoyamba inapinda molakwika n'kukhwinyata. Madzulo ake kunagunda ku mapiri, ndipo abambo anasiya nthabwala zonse. Yachiwiri inatheka, inadutsa kutsogolo kwa injini n'kutulukira kumanzere, mmene inkadutsira yakale.

Ulendo wachiwiri amayi sanavale chitenje chaukwati chija, ati chinawachititsa manyazi. Anakhala pampando, anaponda chopondera, anachigunda ndi chidendene kawiri konse, n'kuyang'ana kutsogolo.

"Pyadidi, chili bwino. Tiyeni."

Kuseri kwa khola kunamveka munthu akupuma mwamphamvu. Anapita, nkhuku ikusuzumira m'dengu, amayi ali njo ngati sanasiyepo.

Anakhalako masiku angapo. Pobwera, madontho oyamba anawapeza atawoloka kale mlatho wa Shire, ndipo anafika pakhomo atanyowa, amayi akulongolola ngati mtsikana. Anati achemwali awo anawazindikira asanalankhule n'komwe, anadya nkhuku ija pang'ono, ndipo anawakalipira kuti anenepa. Amayi anawasambitsa, anawapesa tsitsi, anagona nawo pamphasa imodzi akukumbutsana za anthu amene ife sitinawaonepo. Abambo nkhani yawo inali imodzi yokha, yoti tcheni sinavuke ngakhale kamodzi.

Achemwali a amayi anamwalira mvula ili pakati, madzi atazungulira Makhanga mbali zonse. Kumaliro sitinathe kupita. Tsiku limenelo alamu anabwera kudzapepesa, ndipo chifukwa cha mvula sakanatha kuima kukhola, choncho anaima kumapeto kwa khonde atafulatira. Amayi anali atakhala pampando wa mthuthuthu pakhonde pomwepo, mapazi ali pa chopondera. Anandiitana, ngakhale ndinali pambali pawo.

"Kawauze bambo a kwa mng'ono wako kuti takhuta, tathokoza kwambiri. Ndinawaona achemwali anga ali moyo."

Alamu anali pafupi moti ndikanatha kuwagwira malaya. Ndinayendabe mpaka pamene anaima, n'kuwauza mawu onse mmene amayi anawanenera.