Ndinazimitsa injini pamtsetse

Inu owerenga, mlamu wanga anakalamba ndi mkono umodzi chifukwa cha ine. Sindinamumenye, ndiponso sindinaledzere ayi. Ndinkangofuna kupulumutsa dizilo.

Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Ndinkayendetsa lole ya mkulu wina wamalonda, kututa mtedza ku Malomo. Wailesi inkanena kuti mayiko okumba mafuta, ena mpaka pansi pa nyanja yamchere, akweza mtengo. Ine ndinaseka. Nyanja yamchere ndi ife akumapiri, tikukhudzana pati? Koma posakhalitsa mafuta anakwera, kenaka n'kuyamba kusowa. Tinkaswera padzuwa kudikira dizilo, n'kubwerera chimanjamanja. Masiku amenewo kudandaula mokweza kunali kudziputira zina, ndiye tinkangong'ung'udza chamumtima.

Abwana anayamba kuyeza thanki ndi kamtengo ndisananyamuke. Anandiuza mosapsatira kuti lole ikadzangoima panjira, ntchito yanga idzathera pomwepo.

Ndiye madalaivala tinatulukira nzeru. Ukafika pamwamba pa chitunda unkazimitsa injini, n'kuchotsa giya, lole n'kumatsetsereka yokha. Kwathu kuno mitsetse ndi yosayamba, mwakuti tinkati mapiri akutigawira mafuta aulere. Ndinkadziwa bwino kuti mabuleki a lole ija ankadalira mpweya umene injini imapopa. Ndinkadziwatu! Koma ukachita chinthu kangapo osaona vuto, umayamba kudziyesa katswiri.

Tsiku lina ndinapeza a Faisoni, mlongo wake wa mkazi wanga, akuyenda wapansi kupita ku boma ku Ntchisi. Kutsogolo ndinali nditakweza kale mayi wina wa khanda, choncho iwo anakwera pamwamba pa matumba. Anali munthu wanthabwala.

“Alamu, mukandigwetsa ndikukalanda mlongo wanga!” anakuwa ali pamwambapo.

Titafika pamtsetse wina wautali wokhotakhota, ndinazimitsa injini monga mwa masiku onse. Poyamba buleki inkagwira. Kenaka inayamba kugwira mwaulesi, mpaka phazi linangolowa pansi ngati ndaponda phala. Ndinayesa kuliza injini, inakana. Giya inangokukuta osalowa. Mayo ine! Pokhota lole inapendama, n'kugwera m'ngalande. Ine, mayi uja ndi khanda lake tinangosupuka. A Faisoni tinawapeza mkono wamanja utapanikizika pansi pa lole. Ndinakumba dothi ndi manja mpaka tinawasolola, koma kuchipatala mkonowo anaudula.

Apolisi atabwera kudzawafunsa, ine ndili pomwepo thukuta lili kamukamu, a Faisoni anati, “Injini inkalira bwinobwino, mabuleki ndiwo anangokana.” Munthu anali pamwamba, anamva yekha lole ikutsika mwakachetechete. Ananena mawuwo akundiyang'ana, ine n'kuzyolika.

Ntchito inathabe. A Faisoni, mlimi amene ankadzutsa mudzi ndi khasu, anayamba kudikira ana kuti awapangire mizere. Koma chimene chinandilasa mtima kwambiri n'chakuti mkazi wanga anandigwadira, misozi ili chuchuchu, kundithokoza. “Pakanapanda inu, achimwene akanafera pomwepo.” Zoona zake sindinamuuze. Ndinachita mantha, ndipo manyazi ake ndikadali nawo.

Abale anga, mafuta adzakweranso. Mtengo wake amaupanga anthu akutali amene sadziwa n'komwe kuti kuli Ntchisi, ndipo ife tilibe chonena. Zinthu zikathina, chepetsani maulendo, chepetsani katundu, yendani wapansi. Koma chinthu chimene chagwira moyo wa mnzanu musachikhudze, ngakhale abwana akuopsezeni chotani. Inu madalaivala, lekani injini izilira. Lole yothera mafuta panjira imakokedwa, ntchito imapezeka ina.

A Faisoni anamwalira osandiulula. Mkazi wanga mpaka lero amauza adzukulu kuti ine ndinapulumutsa agogo awo, ndipo akayamba nkhaniyo ndimatuluka panja.