Kalipentala Pakati pa Zigamba

Amene akumuseka Sikweya ayambe watiuza chimene iye anachitirapo mkazi wake. Zoseka anthu zokhazo, ntchito kulibe!

Sikweya anali kalipentala kuyambira asanamere ndevu. Dzinalo anamupatsa chifukwa cha kachitsulo koyezera ngodya kamene sankasiyana nako. Akalowa m'nyumba mwako, moni ankabwera pambuyo, poyamba ankayang'ana chitseko n'kupukusa mutu. Msana utayamba kumuvuta anatseka shopu, n'kukhala pakhomo kumasowetsa anthu mtendere.

Mkazi wake ankasoka zofunda zapabedi polumikiza tizigamba. Chipinda chakutsogolo chinali chake: makina pawindo, matumba a nsalu pakona, ulusi mpaka m'tsitsi. Koma dzanja linayamba kunjenjemera. Pamakina zinkayenda, koma akagwira sizasi, chigamba chinkatuluka ngati chalumidwa ndi mbuzi.

"Makinawa ndigulitsa," anatero tsiku lina. "Wosoka wosatha kudula ndi wantchito yanji?"

Sikweya ankadziwa kuti makinawo akatuluka, mayiyo azingokhala chete pampando, ndipo chete wa mkazi wake ankamuopa kuposa matenda.

"Muzisoka inu, kudula ndi kwanga. Munthu ndadula matabwa moyo wonse, ndingalephere kansanza?"

Kasitomala woyamba anali dalaivala wa lole, amene anthu ankamutcha Mlongoti. Munthu wamtali zoopsa, polowa pakhomo ankachita kuwerama ngati akupepesa. Anabwera ndi thumba la mashati ake akale.

"Amayi, chibadwire sindinafundepo mapazi ndi mutu nthawi imodzi. Ndithandizeni."

"Gonani apa, achimwene," anatero Sikweya akuloza benchi.

"Ndigone?"

"Gonani, manja m'mbali."

Anatambasula tepi kuchokera kumutu mpaka kuchidendene, nkhope ili gwa. Mlongoti anatsegula diso limodzi.

"Abambo, ndafuna chofunda, osati bokosi."

"Muyezo wake ndi womwewo. Musapume kaye."

Ndiye taonani ntchito! Mashati aja Sikweya anawasita, n'kuwasanjikiza, n'kuwamanga ndi chopanira matabwa. Pensulo kukhutu, lilime panja. Kutalika kwa Mlongoti anakugawa bwinobwino, chigamba chilichonse chofanana ndi chinzake ngati mapasa.

Mkazi wake anasuzumira. "Bambo, mwasiyako ya msoko?"

"Mayi, ine sindisiya kanthu. Wosiyasiya ndi kalipentala waulesi."

Mayiyo anamva ngati akunena kuti zonse zili m'malo, anabwerera pamakina. Anasoka mzere ndi mzere akuimba, ngodya zikukumana mwaulemu, zimene anali asanazione kwa nthawi yaitali.

Koma nsalu si thabwa, anthuni! Matabwa ukawagundanitsa, palibe limene limachepa. Nsalu ukailumikiza, msoko umadya uku, n'kudyanso uku. Kachala pano, kachala apo, mzere wonse, chofunda chonse.

Mlongoti atabwera anagona pabenchi yekha, osauzidwa. Anamufunditsa kuyambira m'khosi. Chofunda chinathera pansi pa mawondo, miyendo ili tantha panja, masokosi obooka akuyang'ana kudenga.

"Abambo, kapena ndakula?"

Sikweya anatenga tepi. Anayeza munthu, anayeza chofunda, anayezanso munthu. Anatembenuza chofundacho, n'kuona nsalu yake yonse itapindika kuseri kwa misoko.

"Mayi! Mwandibisira nsalu kumbuyo kuno!"

"Ndabisa? Mumafuna ndisoke pamphepo? Suja ndinakufunsani za msoko?"

"Bwanji osanena kuti makina anuwa amadya?"

"Amene anadula matabwa moyo wonse ndi ndani?"

Mlongoti anakhala tsonga. "Nanga mashati anga otsala?"

Panalibe otsala. M'thumba munali makolala ndi mabatani basi.

Mayiyo kuseka kunamuthera. Anakhala pansi, n'kubisa dzanja lonjenjemera lija pansi pa linzake. "Mwaona? Tasiyani, bambo. Tayesa, zakanika. Mawa muitane wogula makinawa."

Sikweya analowa kuchipinda, kunamveka kabati ikutsekuka. Anatuluka atanyamula mashati ake onse, ngakhale loyera lopitira kumaukwati. Ataona kuti sakwana, anavulanso limene anavala, n'kutsala ndi vesiti, nthiti zili mbee.

"Achimwene, gonaninso. Mayi, bwerani mundionetse ndi chala chanu pamene makinawa amalumira."

Mayiyo anaika chala. Sikweya anajambula, n'kudula kathabwa kopyapyala ka muyezo watsopano, ka msoko wake womwe, kuti azidulira pomwepo.

Chofunda chinatha mlungu womwewo, kumtunda mashati a Mlongoti, kumapazi a Sikweya. Dalaivala anafunda mpaka zala, n'kuyamba mkonono pabenchi pomwepo, moti anachita kumugwedeza kuti azipita.

Sikweya anakhosomola. "Ndiye wogula uja ndimuitane?"

Mkazi wake anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka pavesiti.

"Ndigulitse makina, inu muziyenda chonchi m'misewu, anthu aziti mulibe mkazi? Imani bwino ndikuyezeni. Ndipo musapume kaye."