Bokosi la Pakhomo ndi Bokosi la Kuzenera

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene amalume anga, a Lufeyo, anaimira uphungu wa Nyumba ya Malamulo. Tinkakhala kumudzi kufupi ndi Mayani. Inali nyengo yozizira. Nkhungu inkagona m'mapiri mpaka dzuwa litakwera, ndipo mapazi athu anali ming'alu yokhayokha.

Chipani chinali chimodzi, koma anthu awiri a chipani chomwecho ankatha kulimbirana mpando umodzi. Amalume anali mphunzitsi wopuma pantchito. Amene ankalimbana nawo anali phungu wokhala kale pampando. Dzina lawo sinditchula. Ngakhale masiku amenewo sitinkalitchula mokweza.

Pa ana a alongo awo, anyamata tinalipo awiri: ine Yotamu ndi Fanuwelo, mwana wa amayi aang'ono. Tinkaphunzira kalasi imodzi, tinkafunda bulangete limodzi. Tsiku lina amalume anabwera pa njinga, nakhala pakhonde, nanena pamaso pa amayi athu kuti akapambana adzatenga mnyamata mmodzi kukakhala naye m'tauni, akaphunzire sukulu yabwino. Kenaka anatifunsa mafunso m'Chingerezi. Fanuwelo anayankha ngati wailesi. Ine ndinangoyang'ana zala zakumapazi.

"Ndidzatenga uyu," anatero akuloza Fanuwelo. "Yotamu ali ndi manja a khasu. Azithandiza mayi ake kudimba."

Wamkulu ndinali ine. Mbatata ya kachewere imene amalume anamanga pa njinga pobwerera tsiku limenelo ndinakumba ndine. Kuyambira pamenepo ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: amalume agwe.

Fanuwelo sanandinyoze. Chimene anachita n'kutola mwala kumtsinje. M'mawa uliwonse ankakhala kuseri kwa nyumba n'kumakwecha zidendene zake, ati mapazi akonzekere nsapato. Phokoso la mwala umenewo linkandilowa m'mano.

Voti ya kwathu inkaponyedwa pasukulu yathu, m'kalasi mwathu momwe. Pansi pake panali pa dothi. Kutatsala masiku ochepa, aphunzitsi aakulu anatilamula kuti tizire. Anyamata tinatuta dothi lakuda ndi madzi kudambo, atsikana n'kuzira. Pouma panali see, ngati mkati mwa mbale yatsopano.

Kavotedwe ka nthawi imeneyo kanali kosiyana ndi ka lero. Sunkachonga paliponse. Ankakupatsa kapepala panja, n'kulowa wekha m'chipinda, n'kukaponya m'bokosi la munthu amene ukumufuna. Aliyense anali ndi bokosi lake, chithunzi chake chitamatidwapo. M'mawa wa tsikulo anandituma kutulutsa mabenchi, ndipo ndinaona mmene anaikira. Bokosi la amalume linali pafupi ndi khomo. La phungu linali kumapeto, kuzenera, kumene anatchingako ndi mphasa.

Anthu anandanda pamzere atafunda zitenje ndi majekete akale. Pafupi ndi khomo panaima anyamata a chipani a malaya ofiira. Ambiri a iwo ankadya kwa phungu. M'chipindamo sankalowa, koma anali ndi nzeru yawo: wotuluka msanga ndiye kuti waponya pakhomo, wochedwa ndiye kuti wafika kuzenera. Aliyense pamzerepo ankadziwa kuti akumuona.

Ndipo anthu ankachedwa. Nkhalamba, azimayi a ana kumbuyo, onse ankachedwa. A malaya ofiira anayamba kumwetulira.

Kutsidya kwa msewu kunali tiyirumu ya a Saidi, kumene amuna ankapita akavota kukaotha manja pa makapu. Ine ndinakhala pansi pa zenera lake. Kumeneko ankalosera, koma monong'ona.

"Mphunzitsi wapita uyu," anatero wina. "Mwaona mmene akuchedwera anthu?"

"Kwathu komwe kuno? Ndiye kumidzi inayo kuli bwanji?"

"Inu a Saidi mukuti bwanji?"

"Ine ndimagulitsa tiyi," anatero a Saidi. "Wopambana adzamwa. Wogwa adzamwanso, mwina makapu awiri."

Dzuwa litapendeka anatseka mabokosi, nawakweza m'galimoto kupita nawo ku Boma kukawerenga. Aphunzitsi aakulu anandiitana kuti ndibwezere mabenchi. Ndinalowa ndekha. Ndinayang'ana pansi.

Pamene panali bokosi la amalume, dothi linali losalala ndithu, mapazi anangodutsapo. Kuzenera kunali kofukulika ngati posambira nkhuku. Fumbi lokhalokha, dothi lozira lija litasweka mpaka kuoneka lofiira la pansi. M'chifuwa mwanga munatentha bwino, ngati ndamwa tiyi wa a Saidi.

Mabenchi ndinawasiya panja. Ndinathamangira kumudzi, n'kumupeza Fanuwelo kuseri kwa nyumba ndi mwala wake.

"Usavutike ndi mwalawo," ndinatero. "Nsapato kulibe."

"Ukudziwa chiyani iwe?"

"Tiye ukaone."

Ndinamutenga mpaka m'kalasimo. Ndinamuonetsa pakhomo, ndinamuonetsa kuzenera. Anali wanzeru, sindinafunike kufotokoza. Anaima nthawi yaitali akukanda fumbi lija ndi chala chakuphazi. Chakudya chamadzulo anakana. Ine ndinadya mbatata yanga ndi yake yomwe.

Zotsatira zinabwera pa wailesi ya a Saidi. Mudzi wonse unali pamenepo. Woulutsa ankatchula dera ndi dera, ndipo atafika pa lathu anatchula amalume. Anapambana, ndipo osati pang'ono ayi. Amayi aang'ono anayamba nthungululu, koma anaidula pakati ataona a malaya ofiira. Anyamatawo anayang'anana, nachoka mmodzimmodzi. Amuna aja amene ankanong'ona kuti mphunzitsi wapita, tsopano ankati iwo ankadziwa kale.

Ine ndinapita kudimba. Amayi anali kumeneko, akuthirira mbatata.

"Amayi, wailesi yanama," ndinatero. "Pansi paja ndinaona ndi maso anga. Anthu onse anapita kuzenera."

Anaimika ndowa. Anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi. Kunalibe munthu.

"Tinapita inde," anatero motsitsa mawu. "Ine kapepala kanga ndinaponya pakhomo, mwa achimwene anga. Ndiye ndinayenda mpaka kuzenera, n'kuima pamenepo ndikupondaponda ngati ndikukanya dothi la njerwa. Nditaona kuti ndachedwa bwino, n'kutuluka."

"Chifukwa chiyani?"

"Iwe, aja a pakhomo aja sunawaone? Achimwene akanagwa, phunguyo n'kudziwa amene sanamufune, tikanakhala bwanji pamudzi pano?"

"Anakuuzani ndani zimenezo?"

"Zinayambira kuchitsime. Za kuchitsime zimayenda, zinafika midzi yonse." Ananyamula ndowa, kenaka anandiyang'ana. "Nkhope yako inawala tsiku lija, ukudya mbatata ya mnzako. Ndinakuona. Tenga ndowa inayo uthirire."

Ndinathirira mpaka mdima.

Fanuwelo anapita sabata yotsatira. Amalume anamugulira nsapato zakuda, ndipo ankayenda nazo ngati waponda minga. Asanakwere basi anabwera pakhonde n'kuika mwala uja pafupi ndi ine.

"Watsala ndi iwe," anatero.

Mpaka lero sindidziwa ngati ankandiseka kapena ankandipatsa chinthu chokhacho chimene anali nacho chosiya. Sindinafunse. Mwalawo amayi anatsekera nawo chitseko cha khola la nkhuku zaka zambiri.

Sukulu ndinalekezera sitandade 8. Ndalima mbatata moyo wanga wonse, ndipo sindinagonepo ndi njala. Fanuwelo anaphunzira, anagwira ntchito muofesi, pano anapuma. Amabwera pa maliro ndi galimoto yake, amandipatsa moni waulemu, amatenga thumba la kachewere pobwerera. Ndi munthu wabwino. Ndikaona nsapato zake, m'mano mumandichitabe muja munkachitira. Sindinama.

Masiku ano zipani n'zambiri. Tsiku la chisankho likafika, pa wailesi amayamba kugawa mipando mavoti asanawerengedwe: awa atenga yochuluka, awa agwa. Ana anga amandifunsa, "Bambo, inu mukuona bwanji?" Ndimati dikirani awerenge.

Pansi paja sipananame. Anthu anapondadi kuzenera. Koma ndinkawadziwa anthu akwathu, ndinkadziwa mantha awo, ndinkadziwa kuti amayi anga sangataye mlongo wawo. Ndikanaima pang'ono n'kuganiza, ndikanadabwa. Sindinaime, chifukwa fumbi lija linanena zimene ndinkafuna kumva. A malaya ofiira nawo zinawachitikira zomwezo.

Ndiye munthu akamandilosera za chisankho, sindimufunsa kuti waona chiyani. Ndimayamba ndadziwa kuti akagwa ndani woloserayo adya mbatata ziwiri.