Malo a Nambala Salandira "Mwina"

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, nthawi ija munthu ankalowa pamsika ataonetsa khadi la chipani, pamene alamu anga a Longwe, mphunzitsi wa masamu, anapatsidwa kompyuta yakale ndi mmishonale wina amene ankabwerera kwawo. Anayamba kundiphunzitsa Pascal, chinenero cholamulira makinawo.

Ankafuna pulogalamu yoti mphepo ya mwera ikauka tizidziwa kuti m'bwato lililonse la ku gombe la Chikale muli anthu angati. Zinthu zinkayenda ziwiriziwiri: dzina la mwini bwato, lomwe alamu ankalitcha kiyi, ndi chiwerengero cha anthu ake. Pamwamba pa pulogalamu tinalemberatu kuti kiyi ndi mawu, mnzakeyo ndi nambala.

Pofika pa bwato la bambo anga ndinalemba zimene tinkanena kunyumba: "atatu, mwina anayi". Makina anakana, pulogalamu isanayambe n'komwe. Ndinafufuta, ndinalembanso, anakanabe. Mutu unandizungulira. Zoona zenizeni, akuzikaniranji?

"Unawauza wekha kuti malo awa ndi a nambala," anatero alamu. "Mwina si nambala. Wachinayiyo ndani?"

Anali asibweni a Mphande, mchimwene wa amayi. Chimirireni mnzawo pafupi ndi doko, sanapondenso m'bwato. M'mawa uliwonse ankati mwina mawa, ifenso n'kumavomereza.

Ndinatsikira ku Chikale osadziwa kuti ndanyamula funso lolemera. Ndinawapeza akusoka ukonde pamchenga wotentha, usipa ukununkha pathandala.

"Asibweni, makina akufuna nambala. Ndilembe atatu kapena anayi?"

Singano inaima. Anayang'ana madzi.

"Kalembe atatu, mwana wanga."

Ndinakalemba 3, pulogalamu inayenda bwinobwino, alamu anaomba m'manja. Ine chimwemwe chinandikanika. Kunyumba amayi atamva anandikalipira kuti ndachititsa manyazi munthu wamkulu. Sabata yotsatira asibweni anagulitsa nkhafi yawo, n'kuyamba kulima chinangwa kumtunda. Ananenepa, ankasekanso.

Lero ndimalemba mapulogalamu, ndipo ndikudziwa kuti makina amakana msanga kuti cholakwa chisadzaonekere pa tsiku la ngozi, anthu akusakasaka munthu amene sanakwere. Zimenezo ndinazimvetsa. Chimene sindinachimvetsebe n'chakuti tsiku lija asibweni ndinawapweteka kapena ndinawamasula.