Mphuno ya a Lemani ndi Kompyuta ya Kalabu

A Lemani Nkhoma a ku Simlemba anasankha fodya zaka makumi atatu. Akagwira tsamba ankadziwa ngati linamera pachulu kapena kudambo. Sankalankhula zambiri. Ankanunkhiza.

Chaka chachitatu cha makuponi a fetereza, chiswe chinadya kope la mayina la kalabu ya alimi imene iwo anali tcheyamani wake. Anthu anagwirizana zogula kompyuta. Mlamu wa a Lemani, a Aloysius, amene ankausirira mpandowo kuyambira kale, anaimirira nati, "Akagule a tcheyamani. Koma akabweretsa mbola, mpando atisiyire."

A Lemani anapita ku Boma mu Juni, mwera ukuwomba. M'sitolo munali makompyuta atatu akale. Wogulitsa, Diana, anayamba kufotokoza za liwiro lake ndi kuchuluka kwa zimene iliyonse imasunga.

"Mayi, tadikirani," anatero a Lemani. Ananyamula yoyamba. "Yopepuka. Iyi sinadye fetereza."

Yachiwiri inali yakuda, ndipo sanaigwire n'komwe. "Inaolera m'chigafa."

Yachitatu inali yolemera ngati thumba la chimanga, yachikasu chifukwa cha ukalamba. Anainunkhiza kumbuyo, nkhope yawo n'kuwala.

"Bambo, imeneyo timangokhalira," anatero Diana.

"Ndiye kuti ndi yolimba. Mangani."

Magetsi a sola anali kwa aphunzitsi a Fainala okha, ndipo iwo anati adzailumikiza Loweruka. Masiku anayi kompyuta inadikira m'chigafa, pakati pa fodya. Mwera sunaleke. Aliyense kwathu kuno amadziwa kuti tsamba labwino likauma kwambiri limaphwanyika m'manja. Choncho m'mawa uliwonse a Lemani ankaiwaza madzi ndi tsache, mofatsa, mbali zonse, n'kuifunditsa chiguduli chonyowa.

Loweruka kalabu yonse inasonkhana pakhonde la aphunzitsi. A Fainala analumikiza mawaya, n'kudina. Kompyuta inatsokomola kawiri. Kenako utsi.

Anthu anabalalika, ena kusiya nsapato. A Lemani okha anasendera pafupi, ali chitsinzinire, n'kuukoka utsiwo ndi mphuno.

"Bwererani mudzaone!" anaitana. "Utsi woyera. Ndipo ikuyaka mofanana, popanda kuzima. Giredi yoyamba imeneyi!"

"Alamu," anayankha a Aloysius ali kuseri kwa nkhokwe, "tinakutumani ya mayina kapena yosuta?"

Utsi utatha anavota pomwepo zochotsa a Lemani pampando. Manja anakwera ngati mapesi m'munda wosakolola. A Lemani anawerenga okha, mosabera, mpaka anafika pa akazi awo, a Lefina, amene anakweza manja onse awiri.

"Inunso, amake Tsoka?"

"Inenso," anatero a Lefina. "Madzi aja ndinkatunga ndine."